Mulungu Akudziwa: Mfundo Zolingalira pa Masiku Ofooka

Mabvuku ali kum'mawa kwa mzinda wa Harare, makilomita pafupifupi 17 kuchokera pakati pa tauni mukatsata msewu wa ku Mutare. Tafara ali khomo ndi khomo, moti mlendo sazindikira pamene wina wathera. Khonsolo ya Salisbury, dzina lakale la Harare, idayamba kumanga nyumba kumeneku m'zaka za m'ma 1950, ndipo ambiri oyamba kulowamo adali antchito a m'makomo a azungu ku Highlands, Greendale ndi madera oyandikira: akhukhi, osamala maluwa, olera ana. Ochuluka adachokera ku Nyasaland, ena ku Mozambique, ena ku Northern Rhodesia. Zidzukulu zawo zilipo mpaka lero. Chishona ndicho chidalowa m'kamwa, koma pamaliro, m'tchalitchi, mumzikiti ndi pabwalo la gule wamkulu, chinenero cha makolo chimadzuka.

Pakati pa anthu amenewa pali mawu amene samatha kumveka: "Mulungu akudziwa." Ena amawanena moopseza amene wawalakwira. Ena amawanena pofuna kutseka nkhani, mphamvu zoyankhulira zitatha. Mfundo izi ndalembera Mkhristu amene wafooka, kuti akamanena mawu amenewa azikhala akupuma, osati akutaya mtima.

1. Musanalembedwe m'kaundula wa boma lililonse, Mulungu adali atakudziwani kale.

Palibe chofooketsa munthu ngati kuuzidwa kuti sawerengedwa. M'chaka cha 2001 lamulo la unzika la Zimbabwe lidasinthidwa, ndipo anthu obadwira m'dzikomo koma makolo awo ochokera kunja adayenera kukana unzika wa dziko la makolowo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ena sadamve n'komwe. Ena adamva, koma ndalama, mizere ndi mapepala zidawakanika. Pachitupa padalembedwa kuti mlendo. Munthu wobadwira ku Mabvuku, wobatizidwa ku Mabvuku, amene bambo ndi mayi ake adawaika m'manda a konkuno, n'kupezeka alibe voti. Pomwe ku Ntcheu kapena ku Dedza, kumene amati ndiko kwawo, sadapondeko phazi chibadwire. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'dziko la SADC. Komatu lamulo kulembedwa ndi nkhani ina, pepala kufika m'manja ndi nkhani inanso. Lipoti la Amnesty International la 2021 lidasonyeza kuti mabanja ambiri a ana ndi zidzukulu za obwera adali akadalibe zikalata, ndipo kholo lopanda chitupa limavutika kutengera mwana wake chikalata chobadwira.

Werengani Genesis 16 muli ndi zimenezi m'mutu. Hagara adali mkazi wa ku Ejipito, wantchito m'nyumba ya eni, kutali ndi kwawo. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti Abramu ndi Sarai akamakambirana za iye samutchula dzina. Kwa iwo ndi mdzakazi basi. Woyamba kumuitana ndi dzina lake ndi mngelo wa Yehova, amene adamupeza pakasupe m'chipululu atathawa nkhanza, ali ndi pakati. Ndipo mkazi ameneyu, wopanda mtundu pamalopo, ndiye adatcha Mulungu dzina lakuti ndi woona. Agogo athu amene ankaitanidwa kuti boyi imvi zili mbuu akadamumvetsa Hagara popanda mlaliki.

Ndiikepo kachenjezo. N'zoona kuti mngeloyo adauza Hagara kuti abwerere, ndipo ndime imeneyi ena aigwiritsa ntchito pobweza amayi omenyedwa kwa owamenya. Aziwerenganso mutu 21. Kumeneko Hagara watuluka kosabwereranso, madzi atha, mwana ali pansi pa chitsamba, ndipo Mulungu yemweyo akumutsegula maso kuti aone chitsime. Adamuona ali m'nyumba, adamuonanso ali kunja.

2. Pemphero silidikira kuti mawu akwane.

Wosauka amakhalira kufotokoza. Kwa eni nyumba afotokoze chifukwa chake lendi yachedwa. Kusukulu afotokoze za fizi. Kwa abale a kumudzi afotokoze chifukwa chake chaka chino sadatumize kanthu. Kufotokoza kumatopetsa kuposa vutolo nthawi zina, chifukwa uyenera kusankha mawu, kuchepetsa apa, kuwonjezera apo, kuti akumvere chisoni koma asakunyoze.

Pamaso pa Mulungu ntchito imeneyi palibe. Yesu adaphunzitsa pa Mateyu 6 kuti Atate amadziwa zosowa zathu tisanazitchule, ndipo adatero poletsa mapemphero ochulukitsa mawu. Hana ku Silo ankangogwedeza milomo, mawu osatuluka, mpaka wansembe Eli adamuyesa woledzera. Mtumiki wa Mulungu adaphonya, Mulunguyo sadaphonye. Masiku ano mapemphero ena amayezedwa ndi kukula kwa zokuzira mawu, ndipo munthu wosweka mtima amatuluka m'tchalitchi akudziona ngati sadapemphere chifukwa sadathe kufuula ngati anzake. Amayi, abambo, ngati zonse zimene mwakwanitsa usiku uno ndi kugwada n'kukhala duu, mwapemphera. Paulo pa Aroma 8 akuti ndi pamalo pomwepo, pamene sitikudziwa chopempha, pamene Mzimu amatinyamulira zobuula zathu.

3. Kutopa kwa thupi si tchimo, ndipo Mulungu amayamba ndi thupilo.

Madzi a Harare amatungidwa ku Lake Chivero ndi ku Manyame, n'kutsukidwa ku Morton Jaffray, kumadzulo kwa mzinda. Mabvuku ali mbali inayo, pamalo okwera, kumathero kwa mipope. Madzi akachepa, akumathero ndiwo amayamba kusowa ndipo ndiwo amatsiriza kulandira. M'madera ena a Mabvuku ndi Tafara mipopi idakhala zaka yosadontha ndi dontho lomwe. Choncho tsiku la mayi limayamba kukadali mdima, pamzere wa mjigo, ndowa ndi zigubu zili ndondondo. Akachoka apo aphikire ana, athamangire kombi ya m'tauni kapena akayale tomato pa Kamunhu, madzulo achape, asamalire wodwala. Likafika Lamulungu mayi ameneyu amasinza ulaliki uli mkati, ndipo amapita kunyumba akudziimba mlandu kuti wazirala mu uzimu.

Sadazirale. Watopa.

Onani mmene Mulungu adachitira ndi Eliya pa 1 Mafumu 19. Mneneriyu adali atangopambana kumene pa phiri la Karimeli, koma Yezebeli atamuopseza adathawa mpaka ku Beereseba, n'kulowa m'chipululu, n'kukhala pansi pa kamtengo, n'kupempha kuti afe. Ife tikadamuyalira mavesi. Tikadamukumbutsa moto umene udatsika dzana lomweli, tikadamufunsa kuti chikhulupiriro chapita kuti. Mulungu adamusiya agone. Kenaka adamudzutsa ndi mkate wootcha ndi mtsuko wa madzi, n'kumusiyanso agone, n'kumudzutsanso kachiwiri kuti adye. Zokambirana zidadza pambuyo, ku Horebu, patapita masiku 40. Amene adatiumba ndi dothi amadziwa kulemera kumene dothi lingasenze.

Tsono idyani chimene chilipo. Gonani mukapeza mpata, musadzimve wolakwa mukalephera pemphero la usiku wonse. Ngati muli pa mankhwala a BP, a shuga, a TB kapena ma ARV, imwani monga adakuuzirani kuchipatala, ndipo musalowe m'kusala kudya kumene thupi lanu silingathe. Mlaliki amene akukuuzani kuti kutaya mankhwala ndiwo umboni wa chikhulupiriro sakuyankhula m'malo mwa Mulungu wa Eliya. Maliro a anthu omvera uphungu woterewu takhala tikuwaika, ndipo wopereka uphunguyo pamaliropo saoneka.

4. Chimene mukubisa nachonso akuchidziwa, ndipo sadakusiyeni.

Apa ndi pamene ambiri timachita mantha. Kuti Mulungu akudziwa zimene anthu atichitira, tivomera msanga. Koma kuti akudziwa zimene ife tachitira anthu, mtima umagunda.

Anyamata a ku Nyasaland ankanyamuka chifukwa cha msonkho ndi thangata. Ena adayenda pansi kudzera ku Tete ndi Mutoko, ena adakwera malole a Ulere, ena adalembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi, ndipo m'zaka za Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, njira idadzaza. Aliyense ankati zaka ziwiri zokha: ndipeze njinga, bulangete, makina osokera, ndibwerere. Ambiri adabwereradi. Ena zaka ziwiri zidasanduka makumi anayi, ndipo kumudzi adawatcha machona. Kumbuyo kudatsala mkazi woyembekeza kalata, mwana wokula osadziwa nkhope ya bambo ake, mayi woikidwa m'manda mwana wake wamwamuna palibe. Si onse adali ouma mtima. Ambiri chidawamanga ndi manyazi: ubwerera bwanji chimanjamanja pomwe anzako adabwera ndi katundu? Chaka chilichonse chodutsa manyazi aja ankakula, ndipo njira yakumudzi inkatalika.

Zidzukulu zawo lero zikuchita zomwezo ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Pa WhatsApp chithunzi n'chowala, jekete yatsopano, kumbuyo galimoto ya eni. Koma munthuyo akugona asanu m'chipinda chimodzi, ntchito idatha kalekale, ndipo foni ya amayi ake sakuyankha chifukwa alibe choti anene.

Petro adakana Yesu katatu. Pa Yohane 21, m'mphepete mwa nyanja, Yesu adamufunsa katatu za chikondi chake. Pofika kachitatu Petro adalibenso lonjezo loti apereke, poti malonjezo ake onse adali atathyoka usiku umodzi. Chimene adagwira ndi chimodzi: adatsamira pa kudziwa kwa Yesuyo, kuti Iye amene amadziwa zonse aweruze yekha zili mumtima. Kumbukiraninso kuti pa Luka 22 Yesu adaneneratu za kugwa kwa Petro, n'kumuuza kuti wamupempherera kale, ndipo adamupatsiratu ntchito yolimbikitsa abale ake akadzatembenuka. Adamusankha akudziwa. Anthu amatikonda asanatidziwe bwino, ndiye timakhala ndi nkhawa kuti tsiku lina adzatulukira. Mulungu alibe chimene adzatulukira mawa n'kusintha maganizo.

Koma chikhululuko sichifafaniza ngongole ya chibale. Ngati pali foni imene mwakhala mukuizemba, imbani. Nenani zoona kuti zinthu sizili bwino. Mayi amafuna mawu a mwana wake kuposa ndalama ya mwanayo, ngakhale ndalamayo akuifunadi.

5. Mulungu akudziwa, koma inu ndi ine sitidziwa zonse.

Abwenzi atatu a Yobu adachita bwino masiku 7 oyamba, pamene adangokhala naye pansi osanena kanthu. Adalakwa atatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chake akuvutika, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu adawadzudzula iwo, osati wodandaulayo.

Pasiwa timakonda kufotokoza. Wina ati ndi tchimo, wina ati ndi mizimu yakumtundu, wina aloze chala nkhalamba ya pakhomo loyandikana. Ndipo m'Zimbabwe nkhalamba yochokera ku Malawi kapena ku Mozambique imalozedwa msanga, poti mbiri yakuti anthu akwathu ndi odziwa mankhwala idafala kale. Gogo wosauka, woiwalaiwala chifukwa cha ukalamba, n'kusanduka mfiti chifukwa wina walipira wolosera kuti amupezere dzina. Kudziwa zobisika n'kwa Mulungu. Munthu wogulitsa kudziwa kumeneko akugulitsa chimene alibe. Mukapita kwa woferedwa, khalani naye, mutungireni madzi, sonkhani moto. Mafunso amene Mulungu sadayankhe musawayankhe ndinu.

6. Pali zina zimene tikudziwa bwino, ndipo pa zimenezo tisabisale kumbuyo kwa Mulungu.

Kolera imene idabuka mu Ogasiti 2008 idagwira anthu oposa 98,000 ndi kupha oposa 4,000 m'Zimbabwe isanathe m'chaka cha 2009. Gwero lake silidali chinsinsi chakumwamba. Mipopi idauma, mipope ya zonyansa idaphulika, anthu adakumba zitsime zosaya pafupi ndi zimbudzi, zipatala zidalibe mankhwala. Mu Meyi 2005, ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina idagwetsa tinyumba takuseri ndi misika m'matauni, ndipo Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, adawerengera kuti anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala kapena chowadyetsa. Adauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo. Nanga mdzukulu wa mchona, mudzi wake ndi uti?

Pa Eksodo 3 Mulungu adauza Mose kuti waona kuzunzika kwa anthu ake, wamva kulira kwawo, akudziwa zowawa zawo. Sadathere pomwepo. Adamutuma kwa Farao. Ndiye Mkhristu akati Mulungu akudziwa, n'kusiya kupita kumsonkhano wa eni dera, kusiya kufunsa khansala za madzi, kusiya kuthira mankhwala m'madzi akumwa, kusiya kuperekeza gogo kukatenga chitupa, wangotenga theka la nkhaniyo.

7. Mulungu woona amagwiritsa ntchito maso a anthu.

M'chaka cha 1912 mishoni ya Nkhoma idatumiza mbusa T.C.B. Vlok ku Salisbury kuti akasamalire Akhristu a ku Nyasaland amene adali m'migodi, m'mafamu ndi m'makomo a azungu. Ntchito imeneyo ndiyo idakula n'kukhala sinodi ya CCAP payokha mu 1965, imene lero ndi Sinodi ya Harare. Komatu mbusa mmodzi sakadafika paliponse. Amene adasunga anthu ndi akulu a mpingo osalipidwa, amayi a Chigwirizano oyendera odwala, miphakati ya Akatolika, ndi mabungwe a maliro amene obwera adakhazikitsa kuti mnzawo asaikidwe ngati chinyama m'dziko la eni. Munthu ankasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti tsiku lake likadzafika padzakhale bokosi, ufa, nkhuni ndi anthu oimba m'chinenero chake. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Adachidziwa chimenechi ali kutali ndi ankhoswe ndi eni mbumba.

Chitsanzo china n'chatsopano. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, adayambitsa Friendship Bench ku Mbare. Agogo aakazi amaphunzitsidwa kumvetsera, n'kukhala pabenchi pafupi ndi chipatala, ndipo munthu wolemedwa ndi maganizo amabwera kudzakhuthula. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adasonyeza kuti okhala pabenchipo ankapeza bwino kuposa olandira chisamaliro cha masiku onse. Ine ndimaona kuti mpingo uyenera kuchita manyazi pang'ono apa. Mabenchi tili nawo odzaza tchalitchi, agogo tili nawo, koma kawirikawiri timafulumira kulangiza munthu asanamalize chiganizo chake choyamba, ndipo zimene wanena Lachitatu zimakhala zitafika pamjigo Lachinayi.

8. Munga wina suchoka.

Mu Januwale 2009 banki yaikulu ya Zimbabwe idatulutsa pepala la ndalama la madola 100 thiriliyoni. Pofika pamenepo penshoni ndi inshuwalansi za anthu amene adagwira ntchito moyo wawo wonse m'mafakitale a ku Msasa, ku fakitale ya simenti kapena ku khonsolo zidali zitasungunuka. Nkhalamba zimenezi zidapemphera. Zambiri zidamwalira zisanabwezeredwe thukuta lawo. Ndinganame ndikati wokhulupirira aliyense adzaona mapeto okoma pansi pano.

Paulo adapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchotsedwe, monga akufotokozera pa 2 Akorinto 12, ndipo sudachotsedwe. Adalandira chisomo chokwanira kuyenda nawo. Yesu mwini ku Getsemane adapempha kuti chikho chimupitirire, koma adamwabe chikhocho. Amene timapemphera kwa Iye sadziwa kufooka mongokumva. Adagwa nako pansi, thukuta lili kamukamu, anzake atagona. Choncho pemphero losayankhidwa monga mudafunira si umboni wakuti simudamvedwe, ndipo si umboni wakuti chopereka chanu chidachepa, monga ena amanenera pofuna kuti muwonjezere.

9. Kwa abambo makamaka.

Tidakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Zotsatira zake tikuziona pamabala a mowa ndi m'tinjira ta Mabvuku, kumene anyamata osowa ntchito akuthera ku mankhwala ozunguza bongo, ndi m'nyumba zimene bambo amangokhala chete mpaka tsiku limene tidzamve zoti wadzichotsa moyo. Davide adali msilikali ndi mfumu, koma masalimo ake ambiri ndi a munthu wolira pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa mpingo. Mulungu akudziwa kale kuti ntchito idatha, kuti ngongole yakula, kuti usiku simukugona. Amene sakudziwa ndi akazi anu, achimwene anu, mkulu wa mpingo wa m'dera lanu, namwino wa ku Mabvuku Polyclinic.

Abambo, sabata ino sankhani munthu mmodzi wosunga pakamwa, mumuuze mmene zilili. Ngati maganizo ofuna kufa akubwera, musadikire Lamulungu. Pitani kuchipatala lero, ndipo mutenge wina akuperekezeni. Inu amene muli ndi mphamvu pakali pano, mumzere wa nyumba zanu muli gogo amene chitseko chake sichidatseguke kuyambira dzulo. Tengani chigubu cha madzi, kagogodeni.